Manati a pa Denga la Pikapu

Twaha anali pamwamba pa pikapu akumanga bawuti lomaliza pamene Ellen anaona chinthu chimene chinamuwiritsa magazi. Manati onse anayi a felemu yonyamula masola anali a makutu, aja omasula ndi zala popanda sipanala.

"A Twaha, tinagwirizana zimenezi?"

Mmisiriyo anapukuta thukuta ndi mkono. "Mayi, ine ndimapanga zimene ndauzidwa. Abwana anabwera dzulo n'kunena kuti masolawa azitha kutsika pakakhala katundu."

Abwanawo anali Ignatius, mwamuna wa Ellen, amene panthawiyo anaima pamthunzi wa mpanda wa garajayo ku Mbayani, akuyang'ana foni yosalira ngati muli nkhani yofunika. Ignatius anali munthu wabwino, ubwino wotopetsa uja wosadziwa kukana.

Kwa zaka zitatu, Lachisanu lililonse awiriwa ankanyamuka ku Chinyonga kutsikira ku Nchalo kukagula nsomba zaziwisi, milamba ndi makakana, zimene Ellen ankagulitsa ku Limbe. Koma denga la kanope ya pikapuyo silinali lawo. Linali la mtundu wonse. Wachibale aliyense wa Ignatius wokhala m'tauni anali ndi kanthu kotumiza kumudzi: njinga, bedi, matumba a simenti, tsiku lina mpaka chitseko. Katundu aliyense anali ndi mudzi wake, ndipo mudzi uliwonse unali ndi zobwezera zake. Pobwerera galimoto inkaima padzuwa la ku Chikwawa, azakhali akufunafuna chingwe chomangira thumba la mapira, ayisi akusungunuka kumbuyo.

Kawiri konse nsomba zinafika zitafewa mimba. Mayi wa lesitilanti ina ku Chichiri, kasitomala wamkulu yekhayo amene anatsala, anamuuza Ellen mosapsatira kuti zikadzanunkhanso kachitatu asadzabwerenso. N'chifukwa chake Ellen anagulitsa makina ake osokera n'kugula masola awiri, batire ndi filiji. Masolawo akaziziritsa nsomba, komanso, zimene sananene mokweza, akatseka dengalo.

"Bambo a Stacy," anaitana Ellen, "tabwerani mudzandiuze amene akufuna kutsitsa masola anga."

Ignatius sanafunikire kuyankha. Yankho linalowa lokha pageti: amuna awiri aganyu atasenza malata khumi ndi awiri, ndipo kumbuyo kwawo Joan, mchemwali wake wamkulu wa Ignatius, chitenje atamanga m'chiuno ngati wobwera ku ndewu. Aganyuwo anatula malatawo pafupi ndi tayala n'kumapita.

Joan anakweza maso. "Kodi magalasi amenewa ndi amene akudya malo a malata anga? Tsitsani, nthawi ikutha."

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero Ellen.

"Ndikadzuka nyumba yanga ikafoleredwa. Mvula ili pakhomo, njerwa zili pamtetete. Achimwene anandilonjeza."

"Malole opita ku Nchalo amanyamuka tsiku lililonse."

"Ndikakwere lole mchimwene wanga ali ndi galimoto? Kumudzi akandiseke? Uyu ndinamulera ndine. Ndinkagulitsa mandasi padepoti kuti apite kusukulu, inu musanadziwe n'komwe kuti kuli munthu wotchedwa Ignatius. Chibale ndi fupa, mayi, sichiola."

"Chibale sichiola, koma nsomba zimaola."

Mmodzi mwa okonza matayala pafupi pomwepo anaseka, kenako n'kusandutsa kusekako chifuwa. Joan anayandikira mpaka chala chake chinatsala pang'ono kukhudza mphuno ya Ellen.

"Ng'ombe zimene tinapereka kwanu zinali zolowolera mkazi, osati bwana."

"Ng'ombezo zinadyedwa kalekale, alamu. Stacy akuphunzira chifukwa cha nsomba. Galimoto imene mukuinyadirayi imamwa mafuta a nsomba. Malata anu sanathirepo ngakhale dontho."

"Achimwene, mukumva? Mukumva mmene akundiyankhira mlendo ameneyu?"

Ignatius anabwera pang'onopang'ono, manja onse ali m'mwamba ngati wapolisi wa pamsewu. "Tiyeni tonse tidekhe. N'chifukwa chake ndinati manatiwo akhale omasuka. Lero titsitse masola, tinyamule malata, tigule ayisi monga kale. Sabata yamawa tibwezeretsa. Aliyense akondwa."

"Sabata yamawa kuli bedi la abale anu a Melvin," anatero Ellen. "Sabata inayo kudzabwera njinga. Ndimakudziwani, bambo a Stacy."

Anatembenukira kwa mmisiri. "A Twaha, wotchererani manatiwo. Onse anayi. Afe."

Twaha anayang'ana Ignatius. Ignatius anayang'ana pansi, pomwe panali oilo wakale ndi tizitsulo.

"Musayang'ane iwo," anatero Ellen. "Masolawa anagula ndani? Anakupatsani ntchito ndani?"

"Ndinu, mayi. Koma mudziwe kuti ndikawotcherera, kumasula kwake n'kudula basi."

"Ndi zimene ndikufuna."

Twaha anadikira kanthawi ndithu, kupereka mpata kuti mwamuna wa pabanjapo anenepo kanthu. Ignatius anangopitiriza kuyang'ana pansi. Ndiye anachotsa waya wa batire, anaphimba masola ndi makatoni, anayala chiguduli chonyowa pa kanope kuti isapse, n'kuvala chigoba chake kumaso. Moto unathetheka kanayi. Joan ankatukwana nthawi yonseyo, koma phokoso la makina linameza zambiri, umene unali mwayi kwa aliyense.

Atamaliza, Twaha analumikizanso mawaya n'kusuntha galimoto kuti ione dzuwa. Kumbuyo filiji inayamba kulira pansipansi, kagetsi kobiriwira katayaka. Ellen anaika dzanja mkati mwake, namva kuzizira kukubwera. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, mtima wake unakhala pansi.

Sunakhale nthawi yaitali.

"Zabwino," anatero Joan, mawu atazizira. "Denga mwatseka. Achimwene, mkatimo muli malo. Tsitsani chibokosicho, malata alowe, chitseko chakumbuyo chikhale chotsegula."

Ellen anaseka, poganiza kuti ngakhale Ignatius sangafike pamenepo. Koma mwamunayo anali atakwera kale kumbuyo, akumasula lamba womangira filiji.

"Ulendo uno wokha, mayi a Stacy," anatero osamuyang'ana. "Achemwali anavutika nane. Ulendo uno wokha."

Mawu amenewo Ellen anali atawamva kwa zaka zitatu, ndipo tsiku limenelo anamupweteka kuposa chipongwe chonse cha Joan. Joan anali mdani woonekera. Uyu ndi amene ankagona naye nyumba imodzi, amene anamuona akulira tsiku limene wogula makina osokera anabwera kudzawatenga.

"Tsikani muthandize mchemwali wanu kunyamula," anatero Ellen mofatsa.

Ignatius anaganiza kuti mkazi wake wagonja. Anadumpha mosangalala n'kupita kukagwira nsonga ya malata. Twaha, amene anali ataona mabanja ambiri pagaraja pake, anamangitsanso lamba wa filiji mwakachetechete n'kutseka chitseko cha kanope.

Makiyi anali m'galimoto momwemo. Ellen anakhala pampando woyendetsera. Laisensi anali nayo, ndipo ankayendetsa m'tauni Ignatius akatopa, koma potsika phiri la ku Thabwa ndi makona ake aja anali asanagwirepo chiwongolero. Analiza injini, anatambasula mkono n'kutsegula chitseko cha mbali inayo.

"Bambo a Stacy, ine ndikupita kukagula nsomba. Mpando wanu ndi uwu."

"Ukakwera galimoto imeneyo, Ignatius, usadzanditchulenso mchemwali," anatero Joan.

Ignatius anaima atagwira malata, maso akupita uku ndi uku. "Tadikirani pang'ono, tikambirane ngati anthu."

"Mapanga awiri avumbwitsa, bwana," anatero Twaha, akukulunga waya wake.

Ellen anadikira. Anadikira mpaka minibasi ziwiri zinadutsa pamsewu, makondakitala akukuwa za m'tauni. Dzanja la Ignatius silinachoke pa malata. Ndiye anatambasulanso mkono, natseka chitseko chija yekha.

Potuluka pageti anawaona pagalasi: Joan kutsogolo, Ignatius kumbuyo, malata ali pakati pawo, akulephera kuwanyamula.

Anayendetsa osalira mpaka anatuluka m'tauni. Pamwamba pa phiri, pomwe msewu umayamba kupindika kutsikira ku Chikwawa, anaima pambali. Pansi, chigwa chonse chinali kung'anima ndi dzuwa lomwe lija linkamuwoletsera nsomba, ndipo kumbuyo kwake filiji inkalirabe. Foni inaitana. Anali Ignatius. Anaisiya iitane mpaka inatopa.

M'pamene anazindikira kuti njira yonseyi wabwera akufikira mabuleki ndi nsonga za zala, chifukwa mpando unali pa muyeso wa miyendo ya mwamuna wake. Anapisa dzanja pansi, anakoka kachitsulo, nausendeza kutsogolo mpaka unamukwana. Kenako anaika giya yachiwiri n'kuyamba kutsika.