Kuperekeza Rakele

Rakele anafika kwawo ku Chiwanga, kunyanja ku Mozambiki, dzuwa lili paliwombo, atatenga kachikwama kamodzi ndi anthu akufa ambirimbiri. Chikwamacho aliyense anachiona. Akufawo ankawaona yekha.

Anali dokotala wa khansa pachipatala china chachikulu mumzinda wakutali, kumene anthu amapita matenda akakanika kwina konse. Kwawo kuno ankamunyadira, ankati "dotora wathu", ngakhale ambiri sankadziwa ntchito yake yeniyeni. Ntchitoyo, tinene mosabisa, inali kukhala moyang'anizana ndi munthu n'kumuuza kuti chotupa chafalikira. Ena ankachira ndithu. Koma ochira sakhala m'mutu mwa dokotala, amapita kwawo kukalima.

Zaka zoyamba ankalira. Ankabisala m'chipinda chosungiramo mankhwala n'kulira mpaka maso kutupa, akatero n'kusukusula, n'kuitana wodwala wina. Misozi inayamba kuchepa, ndipo tsiku lina inatheratu. Anauza ana a mayi wina, dzina lake Mwanaharusi, kuti palibenso chochita, ndipo anawo akudzigwetsa pansi, iye anapezeka akuganiza zoti kunyumba gasi wophikira watha. Anasuzumira mumtima mwake monga munthu asuzumira mumtsuko, napeza muli gwa. Anachita mantha. Anapempha tchuthi, koma maganizo obwerera analibe. Dokotala wopanda chifundo, iye ankatero, kuli bwino akayanike usipa.

Akufawo anakwera naye basi. Atafika kunyanja anakhala pamchenga, pakati pa mathandala a usipa, pamene mpweya umanjenjemera ndi kutentha. Mwanaharusi anali pomwepo ndi duku lake lobisa mutu wopanda tsitsi. Analiponso bambo Muhidini, amene ankapepesa anamwino nthawi zonse akasanza. Sankamuopseza, sankayankhulanso. Ankangodikira, monga ankachitira pabenchi la kuchipatala.

Rakele analeredwa ndi amalume ake, a Silasi, msodzi woimba kwaya kutchalitchi cha Angilikani. Ndiwo anabwera naye kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, mayi ake atatsala m'manda a tsidya lija. Tsono mwana wotero kufika pamudzi n'kukagona kunyumba ya alendo, anthu angaleke bwanji kuyankhula? Anayankhula mpaka kukhosi kuuma.

A Yuniya, akazi a amalumewo, anamulondola komweko.

"Amalume ako sakumeza," anatero. "Anayamba kukana kondowole, kenako phala. Pano ndi madzi omwe amabwerera."

Rakele sanafunikire kumva zambiri, matendawo anawadziwa. Anati abwera mawa, ndipo mawa lakelo linabereka mawa lina. Imfa sankaiopa, anali ataizolowera. Ankaopa kukhala pamaso pa munthu amene anamulera, n'kupezeka akuganiza za gasi.

Tsiku limene anapita, anawapeza a Silasi atatsamira khoma pakhonde, kachitini kolavuliramo kali pambali. Munthu amene kale ankakoka bwato yekha anali atatsala mafupa ndi maso. Maso a Rakele anagwira ntchito asanatumidwe: anaona timibulu m'munsi mwa khosi, anaona milomo youma.

"Wabwera, dotora?"

"Ndabwera, amalume. Mwaswera bwanji?"

"Pang'ono. Khosi ili latseka chitseko. Kuchipatala ku Lichinga anati ndi kankuru, khansa yanuyo, ndipo ndipite kumzinda kwanu. Iwe ukuti bwanji, mphwanga?"

"Yafalikira, amalume. Ulendo ungokutopetsani chabe. Mankhwala ochepetsa ululu alipo, ndikupezerani."

Mawuwo anatuluka osalala, monga ankatulukira kuntchito. A Yuniya anadziphimba kumaso ndi chitenje. Rakele anamvetsera mkati mwake, ndipo munali zii. Anangoona kuti nkhuku ina pabwalopo ikutsimphina. Manyazi anamugwira, anaimirira, natenga chikwama chake n'kutsanzika.

Kunyanja kuno mlendo sangonyamuka n'kumapita. Mwini khomo amamulanda katundu, n'kuyenda naye mpaka penapake, nkhani zikupitirira, kenako amaima n'kunena kuti wabwerera pamenepo. Aliyense ali ndi malo ake obwererapo. A Silasi awo anali mtengo wa mango, pamene njira imapatukira kutchalitchi.

A Silasi anagwira khoma, nadzuka.

"Bambo, mukupita kuti?" anafunsa a Yuniya. "Chichokereni Pasaka simunadutse bwalo ili."

"Uyu wasankha yekha kukhala mlendo, wogona ku pensau ya alendo. Pakhomo pano mlendo sanachokepo yekha. Bwera nacho chikwamacho."

Makani a munthu ameneyu ankadziwika mpaka ku Meluluca, choncho Rakele anapereka chikwama.

Anayenda pang'onopang'ono, mwina sikunali kuyenda n'komwe. Nyanja inali itagona, yoyera mbee, yosaoneka polekezera ndi thambo, ndipo mabwato akutali ankaoneka ngati alenjekeka m'mwamba. Usipa unkanyezimira pamathandala. Rakele atacheuka anaona akufa aja adzuka, akutsatira pambuyo mwaulemu, mapazi awo osasiya chizindikiro pamchenga. A Silasi ankayankhula motsitsa, mawu akubwera ngati ochokera pansi pa madzi. Ankanena za tsiku limene anawoloka naye, iye ali kamwana, atagona pa ukonde, ndipo atadzuka anafunsa ngati Mozambiki ndi dzina la munthu.

Anafika pamango paja.

"Ine ndabwerera pano. Uyende bwino."

Anamupatsa chikwama, natembenuka, ndipo miyendo inagwedera. Rakele anawagwira pamkono. Ngakhale mtima utauma chotani, munthu wotero sungamusiye panjira. Anawaperekeza mpaka pakhonde, akufa aja ali pambuyo. A Silasi anakhala pansi, napuma, nalavula m'kachitini. Mpweya utabwerera anatambasula dzanja.

"Chikwama. Tiye ndikuperekeze."

"Amalume, mwandiperekeza kale."

"Ndinakuperekeza, iwe n'kubweranso. Ndiye kuti ndiwe mlendo watsopano."

A Yuniya anaseka misozi ili m'masaya. Ananyamukanso. Ulendo uno mango anali kutali ngati Likoma. Anafika pabwato lina lovundikira, theka la njira, ndipo a Silasi anaima, nayang'ana mtengo wawo uja nthawi yaitali.

"Lero ndibwerere pano," anatero mopepesa.

Rakele anawabwezanso. Atapuma anayesanso, koma anangofika pampanda wa bango, pamene a Yuniya amayanika mbale. Pobwerera Rakele anachita kuwanyamula, ndipo anapepuka m'manja mwake ngati mtolo wa bango louma. Anawakhazika pamkeka. Iye anali ataona anthu ambiri akutha, koma ankawaona pabedi, tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono. Apa njira yonse yotsala ya amalume ake inafupika iye akuona, masana amodzi: mango, bwato, mpanda.

A Silasi anayesa kugwira khoma. Dzanja linatsetsereka. Anayesanso, kenako analeka. Chingwe cha chikwama chinali chikadali m'dzanja lawo, ndipo anachipereka ndi manja awiri.

"Pepa, mphwanga. Pita, ndikuperekeza ndi maso."

Pamenepo china chake chinaphulika pansi pa chifuwa cha Rakele. Sanalire ngati dokotala wobisala m'chipinda cha mankhwala. Analira ngati mwana wa pamudzi, kukamwa yasa, atagwada pamkeka, mutu uli pamaondo owonda aja. Zinamupweteka koopsa, ndipo anakondwa kuti zikupweteka. Analirira a Silasi, analirira Mwanaharusi ndi ana ake, analirira bambo Muhidini ndi kupepesa kwawo konse. A Silasi ankangomusisita m'mutu, monga anachitira pa ukonde paja.

Atadzutsa mutu anayang'ana kumchenga. Akufa aja sanali kudikiranso. Ankayenda m'mbali mwa madzi kulowera ku Lunho, akuchepa m'kunjenjemera kwa dzuwa. Mwanaharusi anacheuka n'kukweza dzanja, monga amachitira mlendo amene waperekezedwa mokwanira.

"Nanga sukupita?" anafunsa a Silasi.

"Ayi, amalume. Ndigona pano. Tsopano ndine ndikuperekezeni."

Mkuluyo anatseka maso, akumwetulira.

"Chabwino. Koma woperekeza amabwerera, wamva? Ukandifikitsa pamango paja, utembenuke. Kumzinda kuli anthu pabenchi."

Rakele anapempha a Yuniya madzi m'kapu ndi kansalu koyera. Anaviika kansaluko n'kuyamba kunyowetsa milomo ya amalume ake.