Chikhoti Chopanda Fungo

Amene mumawerenga nkhani zanga mukundidziwa, ndine Brynn uja ndinathira mkodzo wa gwape m'nsapato za mkulu wa kwaya. Koma lero musakonzekere kuseka kwambiri.

Agogo anga a Orrin amakhala kunyumba yosungirako okalamba. Mutu wawo unayamba kutaya zinthu pang'onopang'ono: makiyi, njira ya kutchalitchi, kenako ife. Ine amanditcha "mtsikana wa jakisoni." Koma mphuno yawo sinaiwale. Adadi, a Merle, akavala chikhoti chakale cha agogowo, chija chofiira cha mizere yakuda, agogo ankawakoka pakolala, n'kununkhiza, n'kunena kuti, "Merle, wachedwa." Mawu awiri basi. Adadi ankayendera mawu awiriwo Lamlungu lililonse, ngakhale m'nyengo yotentha, ali m'chiubweya, thukuta lili kamukamu.

Chikhoticho sichinaonepo sopo chibadwire changa. Chinkanunkha fodya wa m'kaliwo, utsi wa nkhuni, mafuta opukutira mfuti, galu wina amene anafa kalekale, ndi china chake chimene sindikudziwa dzina lake. Amayi anachiletsa kulowa m'nyumba, ndiye chinkakhala pamsomali m'galaja.

Kenako a Duane, ang'ono awo a adadi, anagula makina a ozoni. Ndi chibokosi chachikulu. Umaponyamo zovala zosakira nyama, nsapato, chikwama, n'kuyatsa, mpweya wake umadya fungo lonse.

"Ukatuluka umu ndiwe mzukwa," anatero a Duane akusisita chivindikiro. "Gwape adzakuponda phazi osadziwa kuti pali munthu."

"Inuyo agwape amakuthawani chifukwa cha pakamwa, osati m'khwapa," ndinawauza.

"Iwe, ukapha wako woyamba udzalankhule."

Kutatsala pang'ono kuti nyengo yosaka itsegulidwe, a Duane anabwera ife kulibe. Ankafuna kutidabwitsa. Anatola chilichonse chimene chinali pamisomali m'galaja muja, mavesiti a olenji, magolovesi, zipewa, n'kulongedza m'bokosi. Makinawo anawasiya akulira tsiku lonse.

Titafika, adadi anangoona msomali uli wokha. Anatsegula bokosi, n'kutulutsa chikhoticho. Ananunkhiza pakolala. Ananunkhiza m'khwapa, m'matumba, m'kati mwa manja ake. Ine ndinanunkhizanso. Chinkamveka ngati pakhonde la chipatala atangokolopa kumene.

"Achimwene, ine ndimati ndikuthandizeni," anatero a Duane.

"Wathandiza," anayankha adadi, n'kuchipachikanso pamsomali.

Ndiye mukudziwa, m'banja mwathu katswiri wa zonunkha ndine. Ndinawauza kuti, "Adadi, ndisiyireni. Ngati ndinanunkhitsa kwaya yonse, chikhoti chimodzi chingandikanike?"

Ndinagula fodya wa m'kaliwo, n'kumachifukiza mpaka maso anga kufiira. Ndinachipachika pamwamba pa mbaula ya nkhuni. Ndinachipaka mafuta a mfuti ndi timafuta ta nyama ya nkhumba. Ndinabwereka galu wa aneba kuti agonepo. Kenako ndinawaveka a Duane omwewo, ndinati magazi ndi amodzi, thukuta silingasiyane kwenikweni, n'kuwapatsa nkhwangwa kuti awaze nkhuni. Anawaza osatsutsa. Aka kanali koyamba kuwaona a Duane akugwira ntchito atatseka pakamwa.

Amayi atachinunkhiza anagwira mphuno. "Chotsani uveu m'nyumba mwanga." Tinaona ngati zatheka.

Lamlungu tinawapeza agogo atakhala pawindo, akuyang'ana magalimoto. Adadi anagwada pafupi ndi mpando wawo monga ankachitira. Agogo anatambasula dzanja, n'kugwira kolala. Anakoka. Ananunkhiza nthawi yaitali, maso ali chitsinzinire.

Kenako anasiya kolalayo, n'kuisalaza bwinobwino ndi zala, mwaulemu.

"Chikhoti chabwino ichi, bambo," anatero. "Mwana wanga ali nacho chonga chimenechi."

"Ababa, ndine Merle."

Agogo anamwetulira ngati mmene umamwetulirira mlendo amene walakwitsa khomo. "Mukamuona mumuuze kuti wachedwa."

Adadi anakhala chigwadire. Anati, "Ndikamuuza."

M'galimoto ndinayamba zanga zija, mwina fodya wake sanali yemweyo, mwina galuyo anali wosamba kwambiri, tiyesenso. Adadi anati, "Brynn, basi."

Loweruka nyengo yosaka inatsegulidwa. Ine ndi adadi tinakwera pansanja yathu ya mumtengo, titavala zovala zija zinatuluka m'bokosi la a Duane. Kunja kutayera, gwape wamphongo anatulukira m'tchire, chinyama chachikulu, nyanga zotambalala ngati mpando. Mphepo inkachokera kwa ife kupita kwa iye. Gwape aliyense wanzeru akanathawa. Iye anabwera mpaka pansi pa mtengo wathu, anakweza mphuno, ananunkhiza, n'kuyamba kudya ngati kumwambako kulibe munthu.

Ndinawagunda adadi ndi chigongono. Mfuti inangokhala pamiyendo pawo. Anamuyang'ana gwapeyo mpaka analowanso m'tchire.

"Makina a Duane amagwiradi ntchito," anatero chapansipansi.

Mawa lake anapitanso kwa agogo. Chikhoti anachisiya pamsomali.