Phwando Lokana Zobwera pa Zombo

Kodi mungalote chimene alendo anadya tsiku lodalitsa tchalitchi chatsopano cha m'mudzi wina wa m'mapiri, kum'mawa kwa Madisi? Musafulumire kuyankha, yambani mwamva za a Gregorio Chimphamba.

A Gregorio anali mphunzitsi wopuma pantchito. Kwa zaka zambiri ankalakalaka mpando mu komiti ya tchalitchi, ndipo chaka chimenecho anawasankha kukhala wapampando wa phwando. Ankadziwa bwino kuti alendo akabwerera ndi njala, mpandowo sadzaukhalanso. Atamva kuti mlendo wamkulu ndi wansembe wachikulire wobadwira ku Portugal, amene ankatumikira ku Mozambique, mtima wawo wauphunzitsi unadzuka. Anaitanitsa amayi ophika pansi pa mtengo wa mango.

"Makolo a mlendo wathuyu," anayamba motero, "anatopa ndi kugula zokometsera ndiwo za ku India kudzera mwa amalonda ena. Ndiye anakwera zombo kukafuna njira yawoyawo ya panyanja. Ena anazungulira Africa yense, ena analowera kumadzulo n'kukatulukira ku America. Za kumeneko ndi zimene anadzatitulira kuno. Ife timuonetse kuti tinkadya iwo asanabwere. Paphwando pano pasaoneke chobwera pa chombo!"

Amayi anaomba m'manja, chifukwa mawuwo anamveka okoma. Koma Mayi Eveline, mkulu wa ophika, amenenso anali mlamu wawo, anafunsa kuti zobwera pa chombozo ndi ziti.

"Choyamba chimanga."

Manja aja analeka.

"Chinangwa, mbatata, mtedza, nyemba, maungu, tomato, tsabola."

"Alamu, mwatsala pang'ono kutchula madzi," anatero Mayi Eveline. "Nanga fodya amene watigulira malata a tchalitchichi?"

"Nayenso. Koma fodya sitidya."

"Nanga Misa inabwera wapansi?"

Amayi anafa ndi phwete. A Gregorio anakonza tayi, nanena kuti zauzimu sizili m'manja mwa komiti ya phwando. Lamulungu lake anakalengeza ganizo lawo kuguwa, ndipo chimanga chimene akhristu anasonkha chinabwezedwa kwa eni ake.

Kenaka anayamba ulendo wosaka mapira ndi mawere. Anakwera zitunda, anawoloka mitsinje, anafika mpaka kufupi ndi Ntchisi Boma. Kulikonse anthu ankawayankha mwaulemu kuti mapira ankalima agogo awo, ndipo ankawapatsa chimanga chokazinga choti azitafuna m'njira. Iwo ankakana, ngakhale m'mimba munkalira. Pomaliza anamva za mayi wina kuseri kwa phiri amene anali ndi thumba lathunthu la mawere. Anagwirizana kuti adzalitenga m'mawa wa phwando, ndipo anabwerera kwawo akuyenda ngati munthu amene watulukira dziko.

Tsikulo litafika, mbuzi zinaphedwa kusanatenthe, nyama n'kuyamba kuwira yopanda tomato. A Aroni, amene amanyamula anthu pa njinga yamoto, anabweretsa thumba lija. Mayi Eveline atamasula, ananunkhiza, n'kuyang'ana alamu awo.

"Aphunzitsi, mayi wanuyo amagwira ntchito yanji?"

"Sindinafunse."

"Amafulula mowa. Ichi ndi chimera. Mukufuna ansembe abwerere akuvina?"

M'tchalitchi kwaya inali itayamba kale nyimbo yolowera. A Gregorio anayang'ana thumba lija, kenaka khomo la tchalitchi. Mayi Eveline anatsitsa mawu, nawauza kuti ufa ulipo m'nyumba iliyonse, angolola basi, amayi athamange, zonse zipsa Misa isanathe. Kunena zoona, mtima wa a Gregorio unagwedezeka. Koma anakumbukira kuti analengeza kuguwa, ndiponso m'mawa womwewo anali atanong'oneza mlendo uja kuti lero aona zodabwitsa.

"Chimanga ayi," anatero. Anatembenukira kwa a Aroni. "Thamangirani ku Madisi. Mukatenge chilichonse chosafuna moto, chokwanira anthu onsewa, bola chisakhale cha chimanga."

"Chilichonse, a tcheya?"

"Ndati chilichonse!"

Mwamwayi ulaliki unatalika. Pamene anthu ankatuluka, a Aroni anali atafika, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, ndipo amayi anali atavundikira zonse ndi zitenje patebulo. A Gregorio sanapeze mpata wosuzumira. Anaimirira pamaso pa alendo, nalankhula za zombo, za mafunde, za amalinyero amene ankafa m'njira chifukwa cha zokometsera ndiwo. Anamaliza ndi mawu akuti lero mudzi uno sudya cha mwini.

Mayi Eveline anagwada, navundukula zitenje zija. Nkhope ya wansembe wachikulire uja inawala. Anagwira dzanja la a Gregorio ndi manja onse awiri, nanena m'Chichewa chake chapang'onopang'ono kuti sanayembekezere kulandiridwa chonchi, kuti zamukumbutsa patebulo la amayi ake ku Portugal. Anthu anaomba m'manja, ena akubisa nkhope m'zitenje, ndipo mpando wa a Gregorio unapulumuka.

Alendo anadya nyama ya mbuzi ndi buledi wa m'sitolo.