Masheya Amene Amalume Sanagulitse

Bambo ndi amalume Tihomir anapangana kuti agulitsa masheya awo pamodzi. Anali masheya a fakitale yoika nsomba m'zitini ya m'tauni mwathu kuno ku Dalmatia, amene antchito onse anagawiridwa kalekale, mayi anga omwe. Aliyense anauza banki kuti igulitse mtengo ukangokwerako pang'ono.

Masheya a bambo anagulitsidwa. Posakhalitsa kunamveka kuti kampani ina ya ku Italy ikugula fakitaleyo, mtengo n'kulumpha. M'pamene tinadziwa kuti amalume anali ataimbira banki mwakachetechete kuti isagulitsenso.

Iwo ankati ndi mwayi chabe. Mwayi wanji? Loweruka lililonse amamwa kachasu wa rakija ndi a Mladen, mkulu wina wa m'bodi ya fakitaleyo. Ine ndimagulitsa matikiti pa doko, sukulu ya malamulo sindinapondeko, koma ndinakhalira kuwerenga malamulo a msika wa masheya pa foni mpaka maso kuwawa. Ndinatsimikiza kuti ndikawanenera ku bungwe loyang'anira msikawo ku likulu, ku Zagreb.

Lamulungu amalume anabwera kudzadya nafe nsomba zowotcha. Ndinawafunsa pamaso pa onse ngati a Mladen anawatsina khutu.

Sanakane n'komwe. Anayamba zawo zija za ku Chicago, kumene anayendetsako malole ali mnyamata. Anati kumeneko mlandu umakhalapo ngati munthu wagula kapena wagulitsa, ndipo iwo sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Munthu angamangidwe chifukwa chongokhala?

Ndinawauza kuti kuno si ku Chicago. Kuno ku Ulaya, ukamva chinsinsi cha kampani kenako n'kubweza mawu amene unauza banki, walakwa ngati amene wagula.

"Taonani loya wathu wa pa doko," anatero akuseka.

"Chabwino, amalume. Ngati sunali mlandu, bwanji simunawauze alamu anuwa?"

Anapukuta mafuta pakamwa. Anati kuulula chinsinsi chotero n'koletsedwa kuno, akanawaika bambo m'mavuto.

Ndiye kuti poteteza thumba lawo amatsata lamulo la ku America, koma pofuna kuthandiza m'bale akumbukira la ku Ulaya? Ndinamenya tebulo, ndinati mawa lomwe ndikuimba ku Zagreb. Bambo anangowerama, akuchotsa minga m'nsomba.

"Imba, Dunja," anatero amalume, kuseka kutatha. "Koma akabwera sadzafufuza dzina limodzi. Adzafuna onse amene anaimbira banki sabata imeneyo. Uwafunse amayi ako."

Ndinaganiza kuti akungondiopseza. Koma mayi anali ataika foloko pansi. Anavomera motsitsa mawu kuti nawonso anali atauza banki kuti igulitse masheya awo ochepawo, koma mchimwene wawoyo atawanong'oneza anailetsa. Anati sanawauze bambo poopa kuti, mmene amayankhulira akakhala ndi anzawo, akanafalitsa tauni yonse.

Choncho ngakhale lamulo la ku Ulaya lija amalume sanalisunge. Anangosankha woti amuuze.

Bambo anawayang'ana mayi nthawi yaitali, ngati akuwerenga nkhope ya mlendo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Usaimbe, mwanangu. Amayi akonso akamangidwa."

Sindinaimbe. Amalume anadzithirira vinyo wina, n'kufunsa ngati kwatsala mbatata.