Pannukakku Yopendekeka

Chimene chinkamuwawa Jarmo si kukalamba kwa bambo ake ayi, aliyense amakalamba. Chinkamuwawa n'chakuti akalowa m'chipinda chawo ku nyumba yosamalirako okalamba ku Borås, a Toivo ankadzuka msangamsanga pampando, n'kuvula chipewa, n'kumutchula kuti bwana.

Mutu wa a Toivo unali utayamba kutaya katundu. Choyamba kugwa chinali Chiswidishi chomwe anachiphunzira movutikira kufakitale ya nsalu atangofika kuchokera ku Finland. Anangotsala ndi Chifinishi cha kwawo. Tsono Jarmo, wobadwira ku Sweden, Chifinishi chake chinali cha kukhitchini basi: mkaka, bwera kuno, siya zimenezo. Aphunzitsi a masiku amenewo ankauza makolo kuti chiyankhulo cha kumudzi chimasokoneza ana, ndipo makolo, poopa kulimbana ndi eni dziko, anamvera. Lero mwanayo, bambo wa imvi zake woyendetsa basi, akatsegula pakamwa a Toivo ankangomva mawu a kapitawo wa kufakitale.

"Masiku ano sakudya," namwino anamuuza tsiku lina. "Akuti adya akaweruka."

Apa m'pamene Jarmo anakumbukira Lachinayi. Kwa iwo limeneli linali tsiku la supu wa nsawawa ndi pannukakku, chitumbuwa chachikulu cha mkaka ndi mazira chodzadza thileyi yonse ya mu uvuni. Malemu mayi ake, a Aune, ankagwira ntchito masana mpaka madzulo, choncho ophika anali bambo. Nyumba yosanja imene ankakhalamo nthawiyo inali ya Afinishi okhaokha, zitseko zili pululu, fungo la batala kuyambira pansi mpaka kumwamba. Azibambo ankakhala pamasitepe n'kumanamizana kuti chaka chamawa akubwerera kwawo. Anabwereradi ochepa, enawo ali kumanda a konkuno.

Jarmo anaphika. Uvuni wake unali watsopano, ndipo pannukakku inatuluka yosalala, yofiirira bwino paliponse, moti anadzitamandira yekha. Koma a Toivo anangoiyang'ana, n'kuikankha pang'ono ndi chala.

"Zikomo bwana, ine ndadya kale."

Zimenezo Jarmo anazimva bwinobwino, ndipo zinamulasa mtima.

Mawa lake anatenga chidutswa n'kupita nacho ku holo ya bungwe la Afinishi, kumene mayi Sirkka ankaphika khofi. Mwa akuluakulu onse a m'nyumba yosanja ija, otsala ndi nzeru zawo anali iwowa, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko.

"Eee, mwana wa Aune! Mimba imeneyi ukulowa nayo bwanji m'basi?"

"Azakhali, tandilawirani ichi. Ababa achikana."

Mayiwo anatafuna, maso ali kudenga.

"Ndi yabwino."

"Nanga akaniranji?"

"Akanira chomwecho. Iyi ndi ya kuhotela. Uvuni wako ndi woongoka eti?"

"Nanga ukhale wokhota?"

Mayi Sirkka anaseka mpaka kugwira thebulo.

"Iwe, mutuwu ndi wosungira chipewa chokha? Wayiwala kuti nyumba ija inkapendekekera kumtsinje? Kagalimoto kako koseweretsa ukakasiya kukhitchini tinkakakatola kuchitseko. Ukathira ufa pathileyi wonse unkathawira mbali imodzi. Uku yonenepa ngati matiresi, uku yopyapyala, yopserera. Tinkatukwana Lachinayi lililonse. Koma atatisamutsira m'nyumba zatsopano, malemu mwamuna wanga ankati ndayiwala kuphika, chitsiru chija." Anapukuta m'maso ndi epuloni. "Bambo ako sali kumene ukukawaonako. Ali m'nyumba ija. Ukawapeze komweko."

Jarmo anayamba kukumbukira. Zinabwerera zonse: pansi potsetsereka paja, zenera lochita nthunzi, bambo ake atavala epuloni ya amayi pamwamba pa ovolosi.

"Ndipo mbali yopsererayo wakuba wake ndimamudziwa," mayi Sirkka anawonjezera. "Kukuwa kwa Toivo kunkamveka mpaka kwathu."

Lachinayi lotsatira Jarmo anapempha kuweruka msanga. Anamenya mazira m'mkaka, kuthira ufa, shuga ndi kamchere, n'kuzisiya zipume atavindikira ndi kansalu monga ankachitira bambo ake. Kenako anachita zimene wophika wanzeru sangachite: analowetsa masupuni pansi pa thileyi mbali imodzi, n'kuona ufa wonse ukuyenderera kupita uko. Posakhalitsa khitchini inadzadza utsi. Chinatulukamo chinali chonyansa ndithu, kuno phiri, uko kwakuda kouma. Anachikulunga m'thawulo chikadali chotentha n'kuthamanga nacho.

Atalowa, a Toivo anadzuka n'kuvula chipewa.

"Bwana."

Ulendo uno Jarmo sanayankhe, poopa kuti Chiswidishi chake chiwononga zinthu. Anangoika thileyi pathebulo, pambali pake kabotolo ka jamu, n'kuchotsa thawulo. Fungo la batala wopserera linadzadza chipinda. Mkuluyo anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenaka anatembenuza thileyi kuti mbali yonenepa iloze kuzenera, anakhala pansi, n'kuyamba kufunafuna mpeni. Za bwana anali atayiwala, koma mwana wakenso sanamuone.

Jarmo anakhala moyang'anizana nawo. Sanakonzekere chilichonse. Dzanja lokha ndilo linakumbukira njira yake. Linayenda pang'onopang'ono pathebulo, n'kukafika pangodya yakuda ija, n'kubenthula.

Phaa! Khofi linatera pamsana pa dzanjalo.

"Jarmo iwe! Zala zimenezo ndidzazidula tsiku lina. Dikira amako abwere kuntchito!"

Chinali Chifinishi cha kukhitchini, ndipo palibe liwu ndi limodzi lomwe limene linamudutsa. Jarmo anasakasaka m'mutu mwake timawu tomwe anali nato.

"Pepani ababa. Njala."

"Njala, njala. Unabadwa ndi bowo m'mimba iwe."

A Toivo anasuzumira kuchitseko ngati a Aune angatulukire nthawi ina iliyonse atanyamula chikwama chawo cha kuntchito. Ataona kuti kuli zii, anabenthula okha mbali yonse yopserera ija, anapakapo jamu, n'kuikankhira kwa mwana wawo.

"Idya msanga. Akafunsa tinena kuti inapsa, tataya."

Kenako anadzidulira chidutswa chachikulu cha mbali yonenepa, n'kuyamba kudya, akumuyang'anitsitsa mnyamata wawo kuti asabenso china.