Bere Limodzi, Ana Awiri

Lukia ankagulitsa m'golosale ya mwamuna wake Nasoro pa Tsangano, pafupi ndi pomwe malole amapakira mbatatesi. Mwana wake woyamba, Anwar, ali ndi miyezi itatu, mkulu wake wa Lukia anamwalira pobereka, nasiya khanda lalikazi. Pamaliro achibale ankangoyang'anana, aliyense kudikira kuti mnzake ayambe kulankhula za khandalo. Lukia sanadikire. Analinyamula, nakakhala kuseri kwa nyumba, n'kulipatsa bere. Analitcha Iman.

Kuyambira pamenepo ankayamwitsa awiri. Ogula anazolowera kumupeza wina ali kubere, wina ali kumbuyo, iye akuyeza mchere ndi dzanja limodzi. Kudya kwake kunali kwa chiimirire, kawirikawiri tiyi ndi mandasi basi.

Msana utayamba kuwawa, anati n'kubereka ana. M'mawa wina, Anwar atatsala pang'ono kukwanitsa chaka, Lukia anawerama kuti anyamule belo la shuga, ndipo anamva chinachake chikuthetheka m'kati. Sanathenso kuwongoka. Nasoro anatseka golosale, napeza galimoto yopita kuchipatala ku Ntcheu.

Atamujambula, dokotala, mayi Maness, anawaonetsa chithunzi. Mafupa awiri a msana anali ataphwatalala ngati njerwa zosapsa. Lukia anadabwa, poti ankadziwa kuti kufooka kwa mafupa n'kwa azimayi okalamba, pamene iye zaka makumi atatu anali asanazikwanitse.

Mayi Maness anakoka mpando. Anafotokoza kuti fupa si mwala. Thupi limaligumula pang'onopang'ono n'kumalimanganso moyo wonse, ndipo amene amalamula ntchitoyo ndi mahomoni, timadzi tonyamula uthenga m'magazi. Mayi akamayamwitsa, homoni yoteteza mafupa imachepa, n'chifukwa chake amasiya kusamba. Ina imauza mafupa kuti atulutse kashiamu, mchere umene umawalimbitsa, kuti upite mu mkaka. Kwa amayi ambiri zimenezi sizivuta, koma kwa ochepa, kugumula kumaposa kumanga.

"Mafupa anu akhala akudyetsa ana awiri," anatero. "Mukawaletsa kuyamwa, uthenga usintha, thupi liyamba kubweza lokha. Ndinu wamng'ono, mafupawa amanganso."

Lukia anapukusa mutu. Anati analonjeza mumtima pa manda a mkulu wake kuti Iman adzayamwa zaka ziwiri zathunthu, monga chipembedzo chawo chimalimbikitsira. Anabwerera kunyumba ndi mankhwala ndi lamba wa msana, koma mawu ake sanasinthe.

Patapita masiku, Iman anagwa pakhonde akuphunzira kuima. Analira atatambasula manja, koma Lukia, ali chigonere pa mkeka, analephera kudzuka. Nasoro anamutola mwanayo, namutonthoza, kenaka anakhala pambali pa mkazi wake.

"Mayi a Anwar," anatero motsitsa, "mwanayu anataya kale mayi mmodzi. Mkaka tingaupeze kwina. Inu tikupezani kuti?"

Lukia analira nthawi yaitali, koma anavomera.

Anayamba ndi Anwar kumuletsa kuyamwa, Iman natsatira. Nasoro anaphunzira kuphika phala la soya lothira nsinjiro, ngakhale loyamba linali la mibulu yokhayokha. Opakira mbatatesi ankamuseka akamuona atabereka mwana pa kauntala, iye n'kumangowafunsa ngati abwera kudzagula kapena kudzaonerera. Lukia ankadya bonya ndi mafupa ake omwe, chisoso, mpiru ndi chambiko, ndipo m'mawa uliwonse ankayenda pang'ono padzuwa, poyamba mpaka pa mjigo, kenaka mpaka kumsika.

Tsiku lomwe anayambiranso kusamba anasekerera yekha m'bafa, chinthu chimene sanachitepo chikhalire. Anakumbukira kuti mayi Maness anati chimenecho chidzakhala chizindikiro chakuti homoni yoteteza mafupa ija yabwerera.

Chaka chotsatira anapitanso kukaonedwa. Mayi Maness anati msinkhu umene unatsika pang'ono sudzabwerera, ndipo anawalangiza kuti asafulumire kutenga pathupi pena, koma palibe fupa lina lomwe linaphwanyika, ndipo ululu unali utatsala wa apo ndi apo.

Pa Idi chaka chimenecho, banja lonse linayenda wapansi kupita kumzikiti, ana atavala zofanana. Panjira Iman anatopa, nakhala pansi pafumbi, n'kukana kusuntha. Nasoro anati amunyamule, koma Lukia anamuletsa ndi dzanja. Ananjuta msana uli chiwongokere, monga anamuphunzitsira kuchipatala, namukweza mwanayo pachiuno. Anwar, poona zimenezo, nayenso anakhala pansi.