Matayala Owonda a Njira ya Ngolo

Ababa ananena kamodzi, ndipo iwo sabwereza mawu: ku ukwati wa mng'ono wanga Atikonda sadzapita pa ngolo.

"Kwathu kuno ngolo imanyamula mbatatesi ndi maliro," anatero ali pampando wawo pakhonde. "Ine ndine chiti pa ziwirizi?"

Chiwagwirireni sitiroko anali asanatulukepo pabwalo. Kuchoka kwathu kukafika kutchalitchi ku Nzama si patali, koma njira yake ndi ya ng'ombe. Ngolo zinakumba tingalande tiwiri tozama, tothina, n'kusiya mtumbira wouma pakati. Galimoto iliyonse imathera kumsewu.

Pikiapu tili nayo, ya ife awiri, ine ndi achimwene anga a Maynard. Woyendetsa ndine, wonyadira ndi iwo. Anaiveka matayala onenepa, otulukira kunja, oti anthu a paboma azicheuka. M'njira ya ngolo matayala amenewo salowa m'ngalande. Limodzi limakwera m'mphepete, lina n'kuterereka, mimba ya galimoto n'kukhala pamtumbira ngati nkhuku yofungatira mazira.

Mwayi wake matayalawo anali atasalala kale, ofunika kusintha. Ndinapita pamalo oipitsitsa a njirayo, pamabulugama, n'kuthyola mapesi awiri. Limodzi ndinayeza nalo kukula kwa ngalande, linalo kutalika kwa mtumbira. Ndinawaika m'chikwama, ulendo wa ku Ntcheu, achimwene ali pambali akung'ung'udza njira yonse.

Wogulitsa matayala anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mayi, anzanu amabwera ndi manambala, inu mwabwera ndi mapesi?"

"Sekani, mukatha muyeze," ndinatero.

Anayezadi, munthu wabwino. Anagubuduza matayala angapo, tikuika phesi pa lililonse, mpaka tinapeza owonda, aatali, a mano akuluakulu. Achimwene atawaona nkhope inagwa.

"Achemwali, galimoto ikhala ndi miyendo ya kakowa. Akwati akwere chimenechi, anthu akuona?"

"Akwati ali nayo yawo. Iyi ndi ya ababa."

Tinawagula, koma mavuto anali asanathe. Titamanga, ndinapinda chiwongolero n'kumva tayala lakutsogolo likukhula chitsulo cha pamwamba pake. Wogulitsa uja anati palibe kuchitira mwina, chitsulocho chimenyedwe ndi hamala kuti chikwere. Chitsulo chomwecho achimwene amachipukuta m'mawa uliwonse asanasambe n'komwe.

Ndinatola hamala. Ndikanamenya ndithu, olo akanandikwiyira chaka chathunthu. Koma achimwene anandigwira dzanja.

"Bweretsani kuno. Ngati n'kuipweteka, ndiipweteke ndekha."

Anamenya, penti ikuthothoka, osayang'ana munthu. Ndinawamvera chisoni, komanso tsiku limenelo ndinawakonda kuposa kale.

M'mawa wa ukwati ndinachoka kumsewu n'kuloza pikiapu m'njira ya ngolo, kukatenga ababa. Matayala analowa m'tingalande tija bwinobwino. Ndinayenda mokwawa, achimwene akubwerera chammbuyo kutsogolo kwanga, atawerama kusuzumira pansi. Pamabulugama china chake chinalira kuti gwee pansi pa mpando wanga, galimoto n'kuima. Ndinaganiza za ababa atatsala okha pakhonde, anthu onse atapita.

"Yangokhudza pang'ono!" anakuwa achimwene. "Pondani, achemwali, pondani!"

Ndinaponda. Inabuula, fumbi koboo, kenako inatuluka.

Ababa tinawapeza atavala kale suti, tayi ali pakhosi. Amayi anandinong'oneza kuti anayamba kuwavutitsa kusanache, uku akunena kuti sakupita kulikonse. Tinawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo.

Ulendo wobwerera ndiwo unatichedwetsa. Ababa anatsitsa galasi, n'kumafuna kupatsa moni aliyense wam'njira. Pamunda wawo anandiimitsa kuti aone mizere, n'kunena kuti ndi yokhota. Ndinaluma mano. Nthawi ya Misa inali itadutsa.

Titafika, kwaya inali itatopa n'kubwereza nyimbo imodzimodzi. Atikonda anali chiimire panja pa khomo la tchalitchi. Ankhoswe anali atamunyengerera mpaka kugwa ulesi, iye atakanitsitsa kulowa.

Ataona pikiapu anathamanga, diresi atalikwinya m'manja, n'kugwada pafumbi pafupi ndi chitseko cha ababa. Ababa anatulutsa dzanja lawo lamoyo n'kuliika pamutu pake.

"Dzuka, iwe, ukudetsa diresi," anatero. "Tiye tilowe. Ndabwera."